Jipi yotsokomola ya mkamwini wanu

Ngauma, Lachinayi, ola la khumi m'mawa. Nthawiyi ndafunsa kwa katekisita, ndiye yekha watsala ndi wotchi m'mudzi muno.

Amayi anga, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ndilipo, mawondo okha ndiwo ayamba mwano. Ndakhalira mtondo wanu wong'aluka uja pansi pa mango amene munadzala, ndipo ndikulemba ndi lapisi yomwe anandisiyira namwino wa ku Cuamba. Mukaona zilembo zikuyenda chammbali ngati nkhanu musaseke. Ndinu amene munandichotsa kwa masisitere ndili kalasi yachiwiri kuti ndizikapirikitsa anyani kumunda.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Marta anabereka mwana wamkazi m'masika a chaka chatha, ndipo tinamupatsa dzina lanu, Anasitaziya. Wayamba kuyenda chogwira khoma. Ali ndi chipumi chanu ndi mkwiyo wanu womwe. Bere likachedwa amatiyang'ana tonse ngati tamubera mbuzi. Chimanga tinapezako pang'ono kumunda wa kudambo, koma sitiikanso m'nkhokwe, chifukwa nkhokwe masiku ano imaitana alendo. Timakwirira m'mitsuko kuphiri. Fodya ali m'chisakasa chaka chachiwiri, wogula palibe, msewu wa ku Mandimba anthu amauopa. Mchere tinaiwala. Tabwerera ku chidulo chanu chija ndinkachinyoza ndili mtsikana.

Za nkhondo sindichulutsa. Inu munaisiya ikali nkhani ya pa wailesi, koma mkamwini wanu Tomasi, bambo a Marta, anakutsatirani mvula ziwiri zapitazo ataiona ndi maso. Ndikhulupirira anakufotokozerani, ngati kumeneko mwaleka kuthawana panjira. Chimene ndakulemberani n'china. Ndalakwa, amayi, ndipo kulakwako kwadzera m'khutu, osati pakamwa monga munkanenera inu kuti ndidzaferapo.

Mukuikumbuka jipi ya ku mishoni ya Massangulo imene Tomasi ankayendetsa? Poyamba inali yobiriwira, kenako inasanduka mtundu wa ndowe zouma. Denga lake linali lansalu yokhuthala, ya zigamba za masaka, chitseko chomanga ndi waya. Kuti idzuke pankafunika munthu aime kutsogolo n'kupukusa chitsulo chokhota chija, manivela, mpaka thukuta. Tsiku loyamba kuima pakhomo panu inu munati, chinthu chotsokomola ngati nkhalamba yafodya sichingakwatire mwana wanu, ndi mwini wake yemwe wonunkha mafutayo. Munalumbira kuti simudzakwera muli ndi maso. Munasunga mawu anu. Munakwera kamodzi kokha, chogona, kuchokera kuchipatala cha ku mishoni, ine nditagwira bokosi lanu kuti lisatsetsereke pachikweza cha pamtsinje.

Jipi ija sinkafuna ofisina ya amakaniko. Madzi akutsogolo akamadontha Tomasi ankathiramo ufa wa mgaiwa, thanki ikabooka ankamata ndi sopo, tayala likaphulika ankapakiramo udzu n'kufika kunyumba. Ankaikonza ndi waya, supuni ndi mawu oipa. Ndipo inali ndi liwu lakelake. Ikawoloka mtsinje n'kuyamba kukwera, inkatsokomola kawiri, n'kukhala chete ngati yafa, kenako n'kubangula. Zaka zonse za ukwati wanga ndinkatereka mphika ndikamva chifuwa chimenecho. Tomasi ndiye anandiphunzitsa kuti motoro wa gazolina, amene a ku Malawi amati petulo, amalira mopyapyala, pamene wa gazolyo, dizilo wawo uja, amalira m'mimba, molemera. Ndinkatha kumva galimoto ikali kutali, agalu asanadzutse makutu.

Nkhondo itafika, luso limeneli linasanduka ntchito. A m'thengo, zigawenga zija, amabwera pansi, alibe motoro, amenewo timadalira agalu ndi Mulungu. Koma asilikali amabwera pa magalimoto a gazolyo. Amatenga amuna amene ali ndi mphamvu, ndipo pamudzi pomwe aima, mawa lake a m'thengo amabwera kudzafunsa amene anawapatsa madzi. Ndiye anthu anapachika mkombero wa tayala pamkuyu wa patchalitchi, nati Filomena azimvetsera. Ndikamva gazolyo ndizimenya chitsulocho, mudzi uno ndi timidzi ta kuseri kwa phiri tonse tizithawa. Ikakhala jipi panalibe chomenyera. Chifuwa chake ndi mbuzi zomwe zinkachidziwa. Tomasi atamwalira, mnzake wakalekale uja Che Amadu, Myao wandevu amene munkamubisira nyama ya nkhumba akabwera, ndiye anaitenga. Inkatibweretsera timchere, mapiritsi ndi makalata a abale amene anathawira ku Malawi. Koma dzinja lapitali inathyoka chitsulo chapansi chopereka mphamvu kumiyendo. Motoro anatsala wamoyo, koma yosayenda. Inangokhala ku Massangulo, nkhuku n'kumaikiramo.

Ndisakunamizeni, ntchito ya pamkuyu ndinkaikonda. Mukudziwa mwana wanu. Amuna amene ankati mkazi sadziwa za galimoto ankathamanga chitsulo changa chikalira, ena nsalu zili m'manja.

M'mwezi wozizira kunagwa chikuku. Chinayambira kuseri kwa phiri n'kutsika. M'masiku omwewo, dzuwa lili paliwombo, ndinamva motoro amene sindinamumvepo. Anali wa gazolyo, pamenepo sindinalakwe, koma wosalala, wosatsokomola, wokwera chikweza cha pamtsinje osapuma n'komwe. Ndinati asilikali apeza chatsopano. Ndinamenya chitsulo. Titatsika madzulo tinapeza mapazi a matayala otakata, a mano akuluakulu, ndi katoni yomata bwino pakhomo la tchalitchi. Katekisita anafuna kuitsegula. Ine ndinamufunsa ngati manja ake amutopetsa. Ndinati ndi msampha, ena anaphulika nazo zoterezi ku Itepela. Amuna anaikankha ndi nsungwi yaitali mpaka m'dzenje, naikwirira.

Patapita masabata awiri motoro uja anabweranso, ine n'kumenyanso. Tsiku limenelo kunali mphepo ya mwera. Mukumudziwa Lusiya, mwana wa mnzanu wa kumpanda uja munkasinja naye. Mwana wake wamkazi Joakina, wa zaka zinayi, anali atatuluka kale zidzolo thupi lonse, akupuma movutika. Lusiya anandifunsa ngati sangatsale naye m'nyumba. Ndinamuyankha mwa pakamwa panga paja, kuti ngati akufuna asilikali amulerere mwana atsale. Anamubereka n'kukwera naye phiri, tinakhala m'miyala mpaka dzuwa kupendeka. Patatha masiku atatu tinamuika Joakina pafupi ndi inu, chakumapazi.

Tisanamete n'komwe, Che Amadu anatulukira pa njinga, fumbi mpaka m'ndevu. Sanalandire ndi madzi omwe. Anandiitanira kuseri kwa nyumba nati, "Alamu, khutu lanu lathamangitsa mankhwala kawiri."

Galimoto ija inali ya anamwino a ku Cuamba, yoyera, yongobwera kumene. Inkayenda ndi katemera wa chikuku. Kawiri konse anapeza nyumba zotsegula, moto ukufuka, munthu palibe. Ndipo namwino wamkulu anali atalemba m'buku mwake kuti mudzi uno anthu anasamuka, sadzapatukiranso kuno, chifukwa njira yathu ndi yoopsa kuiyendera pachabe. Ndinakhala pansi pomwepo. M'nyumba Anasitaziya anali atayamba kutsokomola, maso ali psuu.

Ndinayenda khomo ndi khomo kunena kuti ndinalakwa, ikabweranso tisathawe. Anthu anandimvera mwaulemu, ulemu wopatsa munthu wodwala mutu. Wina anati dzulo gazolyo anali imfa, lero ndi mankhwala, nanga mawa adzakhala chiyani. A kuseri kwa phiri anatumiza mawu kuti chitsulo chilire chisalire, iwo akamva motoro wolemera athawa basi, chifukwa amene angatengedwe ndi ana awo, si anga. Sindinawatsutse. Ndinali nditawaphunzitsa ndekha, ndipo anaphunzira bwino. Lusiya anangopitiriza kupeta.

Ndiye ndinauza Che Amadu kuti anthuwa sadzatsikira mawu anga, kapena mtundu woyera wa galimoto, chifukwa kuphiri mtundu suoneka. Adzatsikira chifuwa cha jipi. Iye anati jipi ilibe miyendo. Ine ndinati yatsopanoyo ili nayo yokwanira ziwiri.

M'mawa mwake ndinakhala pakaliyala ya njinga yake, nkhalamba ziwiri, mpaka ku Massangulo. Matako anga adzakuuzani okha tikadzakumana. Tinadikira masiku awiri, ine mtima uli kwa mwana. Tsiku lachitatu galimoto yoyera ija inafika kuchokera ku Mandimba.

Amayi, chinthucho n'chokongola, ndisachinamizire. N'chachitali, pokwera umachita kukweza mwendo ngati ukulumpha mpanda. Denga lachitsulo, mazenera agalasi otsekeka bwino, fumbi silowa. Mipando yofewa ngati mimba ya mwana. Mkati muli kabokosi kozizira kosungiramo katemera, ndi wailesi yolankhula ndi anthu ali ku Cuamba, mlongoti wake wautali ngati ndodo ya mbedza. Kutsogolo kuli chingwe chachitsulo chodzikokera yokha ikatitimira. Kuidzutsa amangopotoza kiyi ndi zala ziwiri. Ndinaizungulira kufuna bowo la manivela, palibe. Ndinafunsa motorista, woyendetsa wake, bambo wa magalasi akuda, kuti nanga bateriya ikafa m'thengo amatani. Anati siifa. Ndinati ndi amuna anga omwe ankatero. Atatsegula kutsogolo ndinasuzumira. Mwadzaza zinthu thothotho, popisa dzanja palibe. M'jipi yathu Tomasi ankalowamo mpaka m'chiuno, nkhuku n'kutsalira malo. Iyi ikadwala, supuni ndi waya sizingaithandize, imafuna sing'anga wake wa kutauni.

Che Amadu anatembenuza m'Chipwitikizi pempho langa loti yatsopanoyo ikoke jipi mpaka kumudzi. Motorista anaseka mpaka kuchotsa magalasi. Anati galimoto yake sinabwere kudzakoka khola la nkhuku, ndiponso kukoka chinthu m'njira ya mabomba okwirira ndi misala, chifukwa umafunika kuponda momwe anaponda mnzako. Pamenepo sanalakwe. Koma Che Amadu anamuonetsa kuti jipi ndi yopapatiza, ndipo iye wayenda njira imeneyo kuyambira motoristayo asanamere mano. Ine ndinasiya amunawo n'kupita kwa namwino, mayi wa Chimakuwa wochepa thupi, wodziwa Chinyanja cha pamsika. Sindinakometse. Ndinati amene anathamangitsa anthu ndine, mwana mmodzi tamuika kale, wina ali ndi dzina la amayi anga ndipo wayamba kutsokomola. Anatsegula buku lija, nafufuta mawu aja ndi lapisi, iyi ndagwirayi. Anauza motorista kuti amange chingwe.

Anandipatsa malo pampando wofewa. Ndinakana. Ndinakhala m'jipi pambali pa Che Amadu, pomwe ndinkakhala ndi Tomasi, titatulutsa nkhuku ndi mazira ake. Fumbi lonse la yatsopanoyo linathera m'kamwa mwanga, mwina ndi tsiku lokhalo pamoyo wanga limene ndinayenda ulendo osalankhula. Che Amadu maso anali pansi, kulondola mapazi a matayala, milomo ikuyenda. Iye ankapemphera mwa Chisilamu, ine korona ili m'manja. Pamchenga pomwe jipi inkafuna amuna asanu okankha, yoyerayo inangodutsa ngati ikuyenda pabwalo, katundu ali kumbuyo.

Tinaima pamtsinje. Che Amadu anali ndi gazolina m'botolo lalikulu lomwe anabisa kuyambira dzinja, ndipo sanafune kumuwononga panjira. Anathira, napita kutsogolo ndi manivela. Anapukusa, anapukusa, phewa linakana, munthu wakula. Motorista anayang'ana kumwamba, anayang'ana wotchi, kenako anavula magalasi n'kugwira chitsulo. Che Amadu anamuchenjeza kuti chala chachikulu asachizungulize, imamenya. Sanamve. Inamumenya. Anatukwana m'zilankhulo zitatu, napukusanso ndi mkwiyo, ndipo nkhalamba yafodya ija inadzuka.

Tinakwera chikweza, yatsopano patsogolo mwakachetechete, yakale pambuyo pachingwe. Pakati pa chikweza inatsokomola kawiri, inakhala chete, n'kubangula. Sinkakoka kanthu, amayi, inkangokokedwa, koma inalira monga kale. Ine ndinalira nayo. Ndinaona ngati ndikafika ndipeza mphika uli pamoto, inu muli pakhonde mukunyoza.

Titafika pamkuyu m'mudzi munalibe munthu, anali atamva gazolyo kale. Che Amadu anasiya motoro akulira, yoyerayo inazimitsa wake. Tinadikira. Oyamba kutsika anali agalu. Kenako katekisita, akusuzumira kuseri kwa nthochi. Kenako Marta, mwana ali kumsana, akuthamanga. Dzuwa lisanapendeke mzere unafika kuchitsime, ndi a kuseri kwa phiri omwe. Ana amene anali asanadwale anabayidwa. Anasitaziya chikuku chinali chitamugwira kale, ndiye anamupatsa mankhwala a chifuwa ndi timadontho ta m'kamwa toteteza maso. Lero zidzolo zikusuwa, ndipo m'mawa uno wandiponyera chikho, ndiye kuti wachira.

Tinafukula katoni ija. Munali timapaketi ta mankhwala a m'mimba, mapiritsi a kutentha thupi ndi sopo. Chiswe chinali chitalowamo. Ndinafunsa namwino pambali ngati Joakina akanakhala moyo tikanapanda kuthawa. Anati iye sadziwa, chikuku chimatenga ena ngakhale ali m'chipatala. Ndinaona kuti akundisunga.

Lusiya anabwera pomaliza ndi mwana wake wotsala. Atabayitsa anadutsa pomwe ndinaima. Ndinayamba kulankhula, koma anandidula. Anati, "Ndatsikira jipi, mayi Filomena. Sindinatsikire inu." Anapita. Chikhalire sitinalankhulane. Dzulo ndinamusiyira nkhuni pakhomo, m'mawa ndaona zikadali pomwepo.

Jipi anaisiya kuno, pansi pa mkuyu. Kuikokanso kubwerera kunali kuyesa Mulungu. Che Amadu anasiya botolo lija kwa katekisita, kuti yoyerayo ikadzabwera tidzadzutse motoro anthu atsike. Gazolina watsala ngwa maulendo awiri, mwina atatu. Akadzatha, chifuwa chija chidzatha. Amuna amakhala pamenepo masana kutsutsana kuti yabwino ndi iti. Achikulire amati yakale, chifukwa ungaikonze ndi manja ako ndipo siifuna kupembedzedwa. Ocheperapo amati yakale ndi mtembo, ikanakhala yamphamvu sikanabwera pachingwe ngati mbuzi. Akandifunsa ine, amene kale ndinali ndi yankho pa chilichonse, ndimangoti yakale sikanabweretsa katemera wozizira kuchokera ku Cuamba, ndipo yatsopano inabwera kawiri yokha n'kubwerera naye. Tomasi akamva zimenezi adzati ndanyoza jipi yake. Mumuuze kuti nanenso ndili ngati iyo. Liwu ndili nalo, anthu analizolowera, koma za masiku ano zandipitirira.

Asanachoke ndinapempha motorista, chala chake chili chomanga, kuti adzutse galimoto yake ndimvetsere. Ndinatseka maso. Pansi pa kulemera kuja pali kamluzu kakang'ono, kopyapyala, komwe magalimoto a asilikali alibe. Ndikuganiza kuti ndakagwira. Koma ndinkaganizanso chomwecho tsiku la mwera lija. Ndipo mawa asilikali akapeza yawo ya kamluzu?

Ndiye lonjezo langa ndi ili, amayi. Chitsulo cha pamkuyu sindidzamenyanso chifukwa cha khutu lokha. Ndauza katekisita kuti ndikamva motoro, anthu azikonzeka pakhomo, ana kumsana, ine ndizitsika ndekha kukabisala pathanthwe la pamtsinje kuti ndione ndi maso. Ndikakweza nsalu yofiira, iye amenye chitsulo. Marta akuti ndapenga, mawondo awa sangathawe. Ndamuuza kuti asilikali safuna nkhalamba yolongolola, angandibweze okha lisanalowe dzuwa. Ndipo zikavuta, ndiye kuti nkhani zotsala ndidzakuuzani pamaso.

Ndikudziwa kuti simuwerenga. Kalatayi mupatse mkamwini wanu akuwerengereni, akhale chakutali ngati mukuchitabe manyazi, liwu lake ndi lalikulu. Akatha, musaisunge. Mufunefune mwana wofika kumene, woonda, wa mikanda yofiira m'khosi, dzina lake Joakina. Kumeneko alibe amene akumudziwa, ndipo amaopa anthu achilendo. Mumufunditse, anachoka kuno akumva kuzizira. Kalatayi muisiye m'manja mwake. Sadziwa kuwerenga, koma adzakula nayo, kapena mmene zimakhalira kumeneko. Amayi ake sakufuna kumva mawu anga, ndipo sindiwadandaula. Iye yekha adziwe kuti galimoto imene tinamuthawitsa ija inali yake, ndipo amene anamenya chitsulo ndine.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa pakamwa paja,

Filomena